Makwinya ndi Mafuta Odzola

Munthu akafika pa msika wa Soweto mu Lusaka, kapena akayenda pakati pa tuntemba ta ku Kanyama ndi ku Chawama, adzaona kuti pambali pa ogulitsa kapenta, tomato ndi zobvala za salaula, pali ena amene malonda ao ndi mabotolo okhaokha. M'mabotolomo muli mafuta odzola a mitundumitundu, ena ocokera ku South Africa, ena ku Congo, ena ku maiko a kutsidya kwa nyanja, ndipo pa ambiri a iwo pajambulidwa mkazi wa khungu losalala ngati la khanda. Mau olembedwapo ali m'Cingerezi kapena m'Cifalansa, koma wogulitsa amawamasulira mwacidule: "Tengani awa, amai, makwinya onse adzatha, mudzabwerera pa utsikana." Masiku ano mafutawo sali a nkhope yokha iai. Alipo a khosi, a mikono, a zikhatho ndi a maondo, pakuti anthu anazindikira kuti nkhope ikhoza kubisa zaka, koma manja amaulula.

Tsono funso ndi ili: kodi mai amene aturutsa ndarama zimene wazipeza ndi thukuta, nagula botolo lotere kuti abise ukalamba wace, wacita colakwa? Alipo alaliki amene amayankha msanga kuti kumeneko ndi kunyada. Alipo anyamata amene amaseka poona mai wa zidzukulu akunyezimira mikono ngati namwali. Alipo enanso amene amati thupi ndi lace, ndarama ndi zace, wina asalowererepo. Mayankho onsewa afulumira. Mlandu sauweruza asanamve kumene unayambira, ndipo mlandu uwu unayamba kale, mabotolo asanabwere.

Kudzola sikunabwere ndi Azungu. Ku midzi ya kum'mawa, kwa Acewa, Ansenga ndi Angoni, kumene kunacokera makolo a anthu ambiri a m'makomboni a Lusaka, akazi anali kukazinga nsatsi, nazisinja, naziwiritsa m'madzi, nayengula mafuta oyandama pamwamba, nawasunga m'nsupa. Khanda linali kudzozedwa tsiku ndi tsiku. Namwali poturuka m'cinamwali anali kudzozedwa thupi lonse kufikira atang'anima, ndipo mkwatibwi cimodzimodzi. Munthu wotuwa, wa miyendo ya mbuu, anali wodwala, kapena namfedwa, kapena mwana wamasiye wosowa womsamala. Cifukwa cace mkazi akalola mwana wace kuyenda pabwalo ali wotuwa, manyazi anali kugwira mbumba yonse. Kudzola kunali ulemu, kwa mwini thupi ndi kwa anthu omuona.

Koma pali cinthu cimodzi cimene nkhalamba za masiku aja sizinapemphe kwa mafuta a nsatsi: sizinati mafutawo azibwezere ku utsikana. Mai wokalamba anali kudzola kuti aoneke nkhalamba yosamalika. Wina akadamuyesa mtsikana, iye akadakwiya, pakuti zaka ndizo zinali kumpatsa malo ace pa cinamwali, pa cikuta ndi pa milandu ya banja. Mafuta a kale analonjeza kufewetsa khungu, ndipo anali kufewetsadi. Mafuta a lero alonjeza kubweza zaka, ndipo nkoyenera kuyamba ndi kuona ngati cinthu cotere ncotheka.

Anthu ophunzira za thupi afotokoza bwino cimene cimacitika m'khungu munthu akamakula. Khungu liri ndi miyalo iwiri. Wapamwamba ndi wopyapyala, ndipo nchito yace ndi kutsekereza madzi kuti asaturuke m'thupi. M'menemonso ndimo mupangidwa utoto wakuda wochedwa melanini. Wapansi ndi wocindikala, wolukidwa ndi ulusi wochedwa kolajeni, monga nsaru yolimba. Munthu akapitirira zaka 20, ulusi umenewu umacepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 caka ciri conse. Mkazi akasiya kusamba umacepa mofulumira koposa, kufikira pafupifupi magawo 30 mwa 100 m'zaka 5 zoyamba. Nsaru ikatha ulusi imagwa mphwephwa, ndipo khungu nalonso limalendewera ndi kupindika. Mafuta amene khungu lidzipangira lokha amacepanso, makamaka m'miyendo ndi m'mikono, ndiye cifukwa cace nkhalamba zambiri zimadandaula kuti thupi liyabwa usiku.

Komatu mbali yaikuru ya kukalamba kwa khungu loonekera sicokera ku zaka, icokera ku dzuwa. Umboni wace uli pa thupi la nkhalamba iri yonse. Khungu la kunja kwa mkono, limene laona dzuwa zaka 60, ndi lokhakhala ndi la mathothomathotho, koma la m'kati mwa mkono pafupi ndi m'khwapa likhala losalalabe, ngakhale onse awiri anabadwa tsiku limodzi. Pa nkhani imeneyi munthu wakuda anapatsidwa mwai. Mu 1979 madokotala a ku America anayesa khungu la anthu a mitundu iwiri, napeza kuti mphamvu yoononga ya dzuwa imene imalowa m'kati mwa khungu la Mzungu iposa kasanu imene imalowa m'khungu la munthu wakuda. Melanini ndi mthunzi umene munthu abadwa nao, ndipo kaamba ka mthunziwo makwinya amacedwa kufika pa khungu lakuda.

Amacedwa, koma m'komboni pali zambiri zowafulumiza. Lusaka ali pa mtunda wokwera pafupifupi mamita 1,300, pamene dzuwa liluma kwambiri, ndipo kuyambira mu May kufikira mu October mvula sigwa. Mphepo ya mu June ndi July imang'amba milomo ndi zidendene, ya mu August imanyamula pfumbi, ndipo dzuwa la mu October limatsiriza zotsala. Madzi a m'zitsime ndi m'mijigo ya ku Kanyama ndi ku George aturuka m'miyala ya laimu. Sopo sacita thobvu msanga m'madzi otere, ndipo munthu akasamba khungu limatsala louma gwa. Utsi wa mbaula uli m'nyumba m'mawa ndi madzulo. Ndipo pamwamba pa zonsezi pali nchito. Akazi a ku Kalingalinga amene akhala zaka zambiri m'mbali mwa mseu akuphwanya miyala ndi nyundo, akazi a ku Mtendere amene alawirira ku mayadi a ku Kabulonga kukacapa zobvala za eni ace, amai a pa msika amene akhala padzuwa kuyambira mbandakuca kufikira mdima, onsewa manja ao amakalamba zaka zao zisanakwane. Makwinya a m'komboni ndi makwinya a ku mayadi sabwera caka cimodzi.

Nanga ncotani cimene cithandizadi? Yankho lace likhumudwitsa ogulitsa, pakuti zothandizazo ndi zochipa. Mafuta oundana a Vaseline, amene Robert Chesebrough analembetsa ku America mu 1872, amatsekereza pafupifupi madzi onse amene akadaturuka m'khungu. Giliserini amakoka madzi ndi kuwasunga. Munthu akadzola zimenezi atangosamba, thupi lisanaume, khungu limafewa, kuyabwa kumacepa, ndipo zikang'a zimatsekeka. Cipewa, ambulera, malaya a manja aatali ndi mafuta ochinjiriza ku dzuwa zimacedwetsa makwinya koposa mankhwala ena onse, ndipo kuleka fodya kumateronso. Alipo mankhwala ena ochedwa tretinoin, amene madokotala anaonetsa mu 1986 kuti amakonza pang'ono khungu loonongeka ndi dzuwa. Koma amafuna miyezi yambiri, amayabwitsa khungu, saloledwa kwa mai wapakati, ndipo ayenera kucokera kwa dokotala. Kunena za kolajeni amene alembedwa ndi zilembo zazikuru pa mabotolo ambiri, tizidutswa tace ndi tatikuru, sitingalowe m'khungu kukafika kumene ulusi unatha. Kumdzola kuli ngati kupaka nsima pamimba kuti njala ithe.

Cikadakhala kuti bodza lathera pamenepo, mlandu ukadakhala wa ndarama zotayika basi. Koma pa msika unyamata ndi kuyera kwa khungu anazimanga mtolo umodzi, kotero kuti mabotolo ambiri olonjeza kucotsa ukalamba ali ndi mankhwala oyeretsa khungu m'kati mwao. Cizolowezi cimeneci sicacilendo. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 mafuta a Ambi anachuka m'matauni a Zambia, ndipo anthu anali kuseka odzolawo kuti nkhope ndi Fanta, miyendo ndi Coca-Cola. Odzola a lero anamva citonzo cimeneco, ndiye cifukwa cace adzola thupi lonse, kuyambira kukhosi kufikira ku zala za kumapazi. Potero mankhwala olowa m'thupi acuruka kwambiri kuposa kale.

Mankhwalawo ndi a mitundu itatu, ndipo uli wonse uli ndi njira yace yoonongera. Hydroquinone amaletsa khungu kupanga melanini, ndiye kuti amagwetsa mthunzi uja, nasiya khungu pa dzuwa la Lusaka lopanda cochinjiriza. Akadzoledwa zaka zambiri amabala mathotho akuda bii, okhakhala, amene sacoka. Madokotala a ku Pretoria analongosola nthenda imeneyi mu 1975, ataiona pa akazi ambiri odzola mafuta otere, ndipo South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990. Mtundu waciwiri ndi mankhwala amphamvu a nthenda za pakhungu, monga clobetasol, amene dokotala amapereka kwa masabata ocepa okha. Munthu akawasandutsa mafuta a tsiku ndi tsiku, amapyapyalitsa khungu, natha ulusi womwe uja umene mwini wace afuna kuusunga. M'mikono ndi m'nchafu mumabuka mizere yong'ambika, zipere zimafalikira, zilonda zimacedwa kupola, ndipo ena amadwala nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Wacitatu ndi mercury, amene amalowa m'magazi, naononga impso ndi mitsempha, nafika kwa mwana wosabadwa ndi kwa woyamwa. Ku Nairobi madokotala anaona kale mu 1972 kuti atsikana ambiri odwala impso anali odzola mafuta a mercury. Maiko anapangana pangano la Minamata mu 2013 lakuti acepetse mercury, Zambia inalibvomereza mu 2016, ndipo mu 2023 maikowo anagwirizana kuti zodzola za mercury zisapangidwenso kapena kugulitsidwa kunja caka ca 2025 cikatha. Koma pangano silifika pa kabotolo kopanda dzina, kamene wogulitsa wasanganiza yekha kunyumba kwace, nathiramo za m'macubu atatu kapena anai.

Zotsatira zace nzomvetsa cisoni, pakuti mai amene anagula botolo kuti athawe ukalamba amaupeza msanga kuposa mnzace amene anangodzola Vaseline. Masabata oyamba khungu limasalala ndi kuwala, anzace namuyamikira ku chalichi. Akuru anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Akaleka kudzola, khungu limatentha ndi kuda koposa kale, ndipo iye amabwerera kwa wogulitsa yemwe uja. Pa wogulitsa amene adziwa zimenezi nagulitsabe, mlandu subvuta kuweruza: adya za mnzace, namsiya ndi zipsera.

Wobvuta ndi mlandu wa wogula. Munthu wanzeru zace, amene adziwa kuwerengera ngwee iri yonse pogula pamela wa ufa, cimkoka nciani kuti akhulupirire botolo? Kunena kuti ndi kunyada nkusafuna kuganiza. Mai wa ku Chawama sadzola pofuna kudzionera pa kalirole. Adzola cifukwa waona cimene cimacitikira mkazi amene waoneka wokalamba.

Lusaka sanamangidwire nkhalamba. Pamene mudziwu unakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, munthu wakuda anali kuloledwa kukhalamo monga wanchito, ndipo nyumba inali kuyendera pamodzi ndi nchito. Mphamvu zikatha, anayenera kubwerera kumudzi kukafera kwao. Nyumba za ku Matero, zimene zinamangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, zinali za anchito ndi mabanja ao. George ndi Chawama anamera pa malo a Azungu, pamene anthu anali kumanga tinyumba tao kunja kwa lamulo, ndipo ngakhale Mtendere anatsegulidwa mu 1967, lamulo lobvomereza makomboni otere linadza mu 1974. Kumudzi nkhalamba iri ndi munda, nkhokwe ndi dzina. M'tauni munthu amayesedwa ndi zimene wabwera nazo madzulo. Wolemba nchito m'sitolo, m'bawa kapena m'nyumba amayang'ana nkhope ndi manja asanafunse luso. Tsono mai wa zaka 45 wofuna nchito ya m'nyumba akabisa imvi ndi kusalaza mikono, sacita zobwebweta. Ateteza cakudya ca ana ace.

Pali ndi nkhani ya banja, imene anthu sakonda kuichula poyera. Mwamuna akamera dazi ndi mimba amachedwa bwana, ndipo palibe amene amuuza kuti agule mafuta. Mkazi wace, amene wambalira ana 6, nasenza madzi zaka 25, amauzidwa ndi anzace kuti adzisamale, pakuti atsikana ali pa ngodya iri yonse. Alangizi ena pa maphwando a mkwatibwi amaphunzitsa zomwezo, kuti mwamuna akapita kwina wolakwa ndi mkazi amene anadzitayirira. Uku ndi kuweruza kokhota. Thupi la mai limasintha kaamba ka nchito imene lagwirira banja lomwelo. Mizere ya pamimba inabwera ndi ana a mwamuna yemweyo. Mwamuna amene anyoza zizindikiro zimenezi ali ngati munthu amene wadya cimanga, natukwana munda cifukwa muli mapesi.

Koma coopsa coposa zonse ndi dzina la ufiti. M'makomboni, monganso m'midzi, nkhalamba ya makwinya, ya maso ofiira ndi utsi wa mbaula, yokhala yokha, sicedwa kulozedwa cala mwana akafa pafupi. Ikadwala nthenda yoiwala ya ukalamba, nituruka usiku, nisokera, nipezeka m'mawa pakhomo pa eni ace isakudziwa dzina lace, khamu limati yagwa pa ulendo wa usiku, ndipo miyala imatoledwa. Lamulo la Zambia loletsa kuchula munthu mfiti liripo kuyambira masiku a Azungu, koma khamu silifunsa lamulo. Ngakhale nsupa, imene kale inali yosungiramo mafuta odzola, lero ikapezeka m'nyumba ya nkhalamba imayesedwa umboni. Mkazi wa zaka 50 amene waona zimenezi ndi maso ace, naona khosi lace likuyamba kupindika, ali ndi cifukwa ca kuopa. Ndani angamdzudzule?

Wina anganene kuti ulemu wa nkhalamba wa masiku akale ndi nthano cabe, pakuti kumudzi komweko nkhalamba zinali kumwetsedwa mwabvi. Zimenezo nzoona, ndipo kale silinali lokoma monga amalikometsera okamba. Koma thupi lokalamba linali ndi mphamvu imene thupi la mtsikana linalibe, ndipo mphamvuyo inaoneka mu Lusaka momwemo. Mu 1960, pamene Iain Macleod, nduna ya ku Britain yoyang'anira maiko a atsamunda, anafika mu mudziwu, Mama Julia Chikamoneka ndi akazi anzace anabvula malaya, naima pamaso pace mabere ali pamtunda, kuonetsa mkwiyo wao pa ulamuliro wa Azungu. Julia Chikamoneka sanali mtsikana. Anali nchembere ya zaka pafupifupi 50. Mtsikana akadacita zimenezo anthu akadati ndi wopanda mwambo. Cimene cinagwedeza anthu cinali cakuti thupi limene linayamwitsa, limene mwambo uti lisaonedwe ndi ana, linaonetsedwa monga temberero. Makwinya a tsiku lija ndiwo anali mau ace.

Dziko lomwelo linalemekeza imvi za Kenneth Kaunda kufikira anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 97, ndipo palibe anafunsa cifukwa cace sanazidetse. Zioneka kuti imvi siziipa pa mutu uli wonse. Ziipa pa mutu wa mkazi, makamaka wosauka.

Ndipo pali cinthu cina cimene anthu a Lusaka sayenera kuiwala msanga. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inali pa cimake, mwana wobadwa mu Zambia sanali kuyembekezeka kufika zaka 50. Magalimoto a maliro anali kundandalika tsiku ndi tsiku pa njira ya ku Chingwere ndi ya ku Leopards Hill, ndipo oikidwawo anali a zaka 25, 30 ndi 35, anthu amene khungu lao linalowa m'manda lisanaone khwinya ndi limodzi lomwe. Amene analera ana otsala anali ambuya ao, ndi manja omwe aja okhakhala. Mu 2004 zipatala zazing'ono za m'makomboni zinayamba kupereka mankhwala a ma ARV, ndipo lero zaka zoyembekezeka zapitirira 60. Komabe mwa anthu 19.6 miliyoni amene anawerengedwa mu 2022, opitirira zaka 65 anali pafupifupi 3 mwa 100 okha. Ukalamba mu Zambia ndi cinthu cosowa, cimene mbadwo wathunthu unacifuna osacipeza. Ncodabwitsa kuti cinthu cosowa cotere cisanduke camanyazi m'kati mwa mbadwo umodzi.

Kodi tsono kubisa zaka ndi bodza? Si bodza mwa iko kokha. Mai amene azira nyumba yace ndi dothi latsopano sanamiza munthu kuti nyumbayo yamangidwa dzulo; aonetsa kuti m'nyumbamo muli munthu. Amene adzola kuti khungu lifewe, nabvala cipewa kuti dzuwa lisamuoche, ngakhale amene adetsa imvi cifukwa akonda tsitsi lakuda, sanalakwire wina ali yense, ndipo mlaliki amene amdzudzula ali ndi nkhani zina zazikuru zomdikira. Munthu ali ndi ufulu wa kukongola pa msinkhu uli wonse. Colakwa cimayamba pamene thupi liperekedwa nsembe kuti maso a anthu akondwe: pamene impso zilipira mtengo wa khungu, pamene ndarama za cilimba zimene zikadalipira sukulu zithera m'mabotolo, pamene mai ayamba kuyang'ana manja ace amene analera pfuko lonse nanyansidwa nao. Ndipo ngakhale pamenepo, gawo lace la mlandu ndi laling'ono. Lalikuru ndi la mwamuna amene anamuopseza, la wolemba nchito amene anambweza, ndi la anansi amene anatola miyala.

Palinso cotayika cimene sicioneka msanga. Mtsikana amaphunzira kukalamba poona amai ace ndi ambuya ace. Akakula akuona kuti khwinya liri lonse lithamangitsidwa ndi mantha, ndi kuti zithunzi za pa Facebook ndi TikTok zasalazidwa zonse ndi makina a m'lamya, adzafika zaka 30 ali ndi mantha omwewo, ndipo botolo lace loyamba adzaligula khungu lace liri langwiro. Ogulitsa adziwa zimenezi, ndipo ndiye cifukwa cace amauza ndi atsikana omwe kuti ayambe msanga.

M'nkhani yonseyi muli anthu ena amene ogulitsa sawaitana, ngakhale ndiwo asowadi mafuta koposa onse. Ndiwo nkhalamba zenizeni, za zaka 75 ndi 80, zimene zagona m'tizipinda ta kuseri m'makomboni, kapena zasungidwa ku Matero After Care Centre ndi ku Divine Providence Home ku Chawama. Khungu lao ndi lopyapyala ngati pepala, ndipo likauma limang'ambika ndi kukanda kokha, nkusanduka cilonda. Nkhalamba ikagona mbali imodzi nthawi yaitali, magazi saenda bwino pa ciuno, pa mapewa ndi pa zidendene, ndipo pamabuka zilonda za pakama zimene zikhoza kupha. Anamwino amaphunzitsa kuti wodwala wotere atembenuzidwe maola awiri ali onse, asambitsidwe ndi madzi ofunda ndi sopo wocepa, apukutidwe mosakwecha, ndipo adzozedwe thupi lisanaumitse. Mafuta ace ndi omwe aja ochipa a pa kantemba.

Koma pa msana dzanja la mwini silifika, ndipo mapewa akauma ndi zaka silifikanso ku mapazi. Kumudzi nchito imeneyi inali ya mdzukulu, amene anali kugona m'nyumba ya ambuya ace, nawakanda pa msana madzulo uku akumva nthano. M'komboni mdzukulu ali ku sukulu kapena agulitsa madzi ozizira pa siteshoni ya mabasi, mai wace wapita ku mayadi mdima usanathe, ndipo nkhalamba imatsala yokha ndi citseko cotseka. Panyumba pamene pali mwana amene aphunzitsidwa kugwada madzulo, nanena kuti, "Ambuya, tembenukani ndikudzozeni," nkhalambayo imagona tulo usiku umenewo, pakuti kuyabwa kwaleka. Ndipo mwanayo ndiye amayamba kuona kufiira kwa pa ciuno cilonda cisanabooke, nauza amai ace kuti m'mawa apite nao ku cipatala.